Mndandanda wa Nyengo za Dziko Lapansi: M'mene Udamangidwira ndi M'mene Tingauphunzitsire

Pafupifupi m'buku lililonse la Jogalafe kapena la Sayansi limene limakamba za miyala muli tsamba lokhala ndi maina achilendo osanjikizana ngati makwerero: Cambrian, Ordovician, Silurian, Devonian, mpaka kukafika pa Quaternary pamwamba penipeni. Pambali pa dzina lililonse pamakhala chiwerengero cha zaka chimene ngakhale mphunzitsi amachita nacho chibwibwi pochiwerenga. Chizolowezi cha ambiri a ife ndicho kulemba mndandandawu pabolodi, ana naukopera m'makope mwawo, nauloweza podikira mayeso. Phunziro lotere limayenda mwabata kufikira tsiku limene mwana wina akweza dzanja nafunsa kuti, "Aphunzitsi, pajatu nthawi imeneyo kudalibe munthu, tsono adadziwa bwanji?" Mphunzitsi woyankha kuti buku likutero waphunzitsa ana ake kuti Sayansi ndi mawu ongolandira kwa akuluakulu. M'nkhani ino tifuna kulondola m'mene mndandandawu udamangidwira, pakuti mbiri yakeyo ndiyo yankho la funso la mwanayo, ndipo ndi yomweyonso imene itipatsa njira yophunzitsira.

Tiyambe ndi kulekanitsa mafunso awiri amene ana, ndi aphunzitsi omwe, amawasokoneza. Loyamba ndi lakuti: chidayamba n'chiti, chidatsatira n'chiti? Lachiwiri ndi lakuti: papita zaka zingati? Kumudzi agogo amayankha funso loyambalo mosaphonya. Amadziwa kuti uje adabadwa njala isanagwe, uje adabadwa m'kati mwa njala, ndipo uje ankayamwa pamene mnzake ankaweta kale mbuzi. Chaka chenicheni sachitchula, komabe palibe angawatsutse pa za ukulu. Zaka zimabwera pambuyo, munthu wa kalendala akanena kuti njala imeneyo idali ya 1949. Akatswiri a miyala adayenda njira yomweyi. Kwa zaka zoposa 200 adadziwa kusanja miyala mwa ukulu wake asanapeze njira yodalirika yowerengera zaka zake.

Zapansi ndizo zakale

Kuyambira kalekale anthu a m'maiko osiyanasiyana ankadabwa kuona zigoba za nkhono za m'nyanja zitamatirira m'matanthwe a m'mapiri. Shen Kuo wa ku China, m'zaka za m'ma 1000, adalemba kuti malo otere adali gombe la nyanja kale. Koma amene adaika malamulo a nkhaniyi poyera ndi Nicolas Steno, dokotala wa ku Denmark amene ankagwira ntchito ku Florence, m'dziko la Italy. M'chaka cha 1666 asodzi adagwira shaki yaikulu, ndipo mutu wake udatumizidwa kwa Steno kuti aung'ambe. Poyang'anitsitsa mano a nsombayo adaona kuti ngofanana ndi timiyala tosongoka timene anthu ankatola m'matanthwe namati ndi malilime a njoka osanduka mwala. Apa mpamene padabuka funso: kodi chinthu cholimba chingalowe bwanji m'kati mwa chinthu china cholimba? Yankho lake lidali lakuti dzinolo lidagwera m'matope akali ofewa, ndipo matopewo adalimba pambuyo pake. Ngati ndi choncho, thanthwe lili ndi mbiri. Lidali matope tsiku lina.

M'buku lake la 1669 Steno adanena zinthu zimene lero zimaoneka ngati zosafunika kuzinena. Matope ndi mchenga zikamadikha m'madzi zimayalana mopingasa, gawo pamwamba pa gawo linzake. Gawo lapansi lidayamba kuyalidwa, lapamwamba lidabwera pambuyo. Ndipo ngati magawo a tsidya lino la chigwa afanana ndi a tsidya lija, ndiye kuti adali olumikizana mtsinje usanawadule.

Pophunzitsa zimenezi sitisowa zipangizo zogula. Dzala la kuseri kwa nyumba likwanira. Tikalidula ndi khasu mbali imodzi, ana aona okha kuti phulusa la dzulo lili pamwamba pa makoko a mtedza a chaka chatha, ndipo palibe amene angavutike kunena chimene chidayamba kutayidwa. Dzala lomwelo liwaphunzitsanso zosokoneza zake. Pamene nkhumba yafukula, zapansi zimabwera pamwamba, monga momwe matanthwe amapindikira ndi kugudubuzika. Ndiponso dzenje lokumbidwa podula magawo onse liyenera kukhala latsopano kuposa magawo amene lawadula. Kumene kulibe dzala labwino, khoma la mtsinje, dzenje la oumba njerwa, kapena pamene msewu udadula chitunda pachita ntchito yomweyo. Ena amathira mchenga, dothi lofiira ndi phulusa m'botolo loonekera, gawo limodzi patsiku, kwa mlungu wathunthu. Imeneyi ndi njira yabwino, koma isalowe m'malo mwa kutuluka panja, pakuti mwana amene adaona magawo m'botolo mokha amayesa kuti ndi matsenga a aphunzitsi.

Cha m'ma 1760 Giovanni Arduino adagawa miyala ya kumpoto kwa Italy m'magulu otchedwa Primary, Secondary ndi Tertiary, ndiko kunena kuti oyamba, achiwiri ndi achitatu. Dzina la Quaternary, lachinayi, lidawonjezedwa ndi Jules Desnoyers mu 1829, ndipo mwa maina anayiwa ndi lokhali limene lidakali pa mndandanda wovomerezeka.

Mlimi ndi wokumba ngalande

James Hutton wa ku Scotland adaphunzira udokotala koma adakhala mlimi, ndipo maganizo ake adachokera m'munda. Ankaona mvula ikukokolola nthaka yake kupita kumtsinje, mtsinje nupita nayo kunyanja. Adalingalira kuti ngati mtunda ukungoperesedwa chotere osatha, payenera kukhala mphamvu ina yokweza mtunda watsopano, ndi kuti ntchito zonsezi zimachitika pang'onopang'ono monga tizionera lero. Mu 1788 adapita pabwato ndi anzake awiri, John Playfair ndi James Hall, kumalo a m'mbali mwa nyanja otchedwa Siccar Point. Kumeneko kuli magawo a mwala wotuwa oimirira chilili, ndipo pamwamba pake pagona magawo a mwala wofiira wamchenga.

Chithunzi cha malowa n'chosavuta kujambula pabolodi, ndipo tikulangiza kuti ana achiwerenge okha potsata malamulo a Steno. Magawo otuwawo adayalidwa chogona pansi pa nyanja. Adalimba. Adakankhidwa mpaka kuimirira. Adakwezedwa pamtunda, mvula ndi mitsinje nizisenga nsonga zake. Pambuyo pake mchenga wofiira udayalidwa pamwamba, nawonso nulimba, nukwezedwa. Sitepe iliyonse, pa liwiro limene nthaka imakokolokera m'munda, ifuna nthawi yosaneneka. Hutton sadatchule chiwerengero. Adangoonetsa kuti nthawiyo ndi yaitali koopsa. Lero tidziwa kuti pakati pa miyala yotuwayo ndi yofiirayo pali mpata wa zaka pafupifupi 65 miliyoni.

Komabe lamulo la Steno lili ndi malire. Limagwira ntchito pakhoma limodzi, pamene diso likuona gawo lili pamwamba pa linzake. Nanga mwala wa chigawo china ndi mwala wa chigawo chakutali, wamkulu ndi uti? Maonekedwe sathandiza, chifukwa mwala wamchenga ngofanana ngakhale wina utaposa mnzake ndi zaka mamiliyoni mazana. Amene adamasula mfundoyi ndi William Smith, mwana wa wosula zitsulo, wobadwa mu 1769, amene sadapite patali ndi sukulu. Ntchito yake idali yoyeza malo pokumba ngalande yonyamulira malasha ku Somerset, m'dziko la England. Poyenda m'maenje ndi m'migodi tsiku ndi tsiku, adazindikira kuti gawo lililonse lili ndi zotsalira zakezake za zamoyo zakale, monga zigoba ndi mafupa osanduka mwala, ndi kuti zotsalirazi zimatsatana mofanana kulikonse kumene adapita. Magawo awiri ofanana khungu ankawalekanitsa poona zigoba za m'kati mwake. Mu 1815 adatulutsa mapu a miyala ya England ndi Wales, opakidwa mitundu pamanja. Ntchitoyi idamudyera chuma chake chonse, ndipo mu 1819 adatsekeredwa m'ndende chifukwa cha ngongole. Bungwe la akatswiri a miyala la ku London, limene lidamunyalanyaza poyamba, lidamupatsa mendulo mu 1831. Tisaiwale kuuza ana za munthu ameneyu, makamaka aja amene amayesa kuti kutulukira zinthu nkwa anthu a madigiri okha.

Ku France, Georges Cuvier ndi Alexandre Brongniart adapeza zomwezo m'miyala yozungulira Paris. Cuvier adali ataonetsa kale mu 1796, poyerekeza mafupa a njovu za lero ndi a njovu zakale zaubweya, kuti mitundu ina ya nyama idatheratu padziko. Mfundo imeneyi ndiyo msana wa njira ya Smith: mtundu ukatha subweranso, choncho zotsalira zake zimakhala chizindikiro cha nthawi imodzi yokha. Tibwerere kudzala kuja. Gawo limene mwapezeka khobidi loboola pakati la nthawi ya chitaganya ndi gawo limene mwapezeka tambala si a nthawi imodzi, ndipo gawo la tambalalo silingakhale lakale kuposa 1971, chaka chimene ndalamayi idayamba. Tikapeza tambala m'dzala la mudzi wina wakutali, tidziwa kuti gawo limenelo ndi la nyengo yofanana ndi lathu, ngakhale phulusa lake litasiyana mtundu.

Maina ndi mkangano wa malire

Njirayi itadziwika, maina ambiri a pa mndandanda adabadwa pa zaka makumi awiri zokha. Sadabadwe motsatana kuyambira pansi, ndipo sadachokere kwa munthu mmodzi. Zidali ngati munda waukulu umene anthu agawana ndime, aliyense nayamba kulima pamene waima. Mu 1822 William Conybeare ndi William Phillips adatcha miyala ya malasha ya ku Britain kuti Carboniferous, kutanthauza yobala malasha. Chaka chomwecho d'Omalius d'Halloy wa ku Belgium adatcha Cretaceous, kuchokera ku liwu la Chilatini lotanthauza choko. Jurassic ndi dzina la mapiri a Jura, a m'malire a France ndi Switzerland. Triassic, dzina limene Friedrich von Alberti adapereka mu 1834, likunena za magawo atatu a miyala ya ku Germany. Devonian, la 1839, lidachokera ku chigawo cha Devon, ndipo Permian, la 1841, ku Perm m'dziko la Russia. Mwana akadziwa kuti maina oopsawa ndi maina a malo wamba, monga ife tikadanenera kuti miyala ya ku Karonga kapena ya ku Mulanje, mantha ake amachepa.

Olima ndime zoyandikana amakumana pamalire, ndipo mpamene pamabuka milandu. Adam Sedgwick ndi Roderick Murchison adali mabwenzi, ndipo dzina la Devonian adalipereka limodzi. Mu 1835 Sedgwick adatcha miyala ya kumpoto kwa Wales kuti Cambrian, kuchokera ku Cambria, dzina la Chilatini la dzikolo. Murchison adatcha ya kummwera ndi ya m'malire a England kuti Silurian, pokumbukira Silures, mtundu wa anthu amene ankakhala kumeneko kale. Sedgwick ankakwera kuchokera pansi, Murchison ankatsika kuchokera pamwamba. Patapita zaka kudaoneka kuti magawo apamwamba a Sedgwick ndi magawo apansi a Murchison ali ndi zotsalira zofanana, ndiye kuti adali miyala imodzimodzi yokhala ndi maina awiri. Aliyense adati ndime ndi yake. Murchison adali ndi mphamvu pamlanduwu chifukwa adali atalongosola bwino zotsalira za m'miyala yake, pamene Sedgwick adachedwa kutero, ndipo adapitiriza kukankhira malire ake pansi mpaka kufuna kumeza Cambrian yense. Ubwenzi udatha. Murchison adamwalira mu 1871, Sedgwick mu 1873, mlandu usanathe. Adauweruza ndi Charles Lapworth, amene adayamba ngati mphunzitsi wa sukulu. Mu 1879, atasanthula zotsalira za tizilombo ta m'nyanja m'magawo okanganiranawo, adaonetsa kuti ali ndi zamoyo zawozawo, nawapatsa dzina lachitatu, Ordovician, lochokera ku mtundu wina wakale wa ku Wales. Murchison ameneyu ndi yemwe uja David Livingstone adamutchulira mathithi a mumtsinje wa Shire mu 1859.

Nkhani ya mkanganoyi ndi yoyenera kuikamba m'kalasi, osati chifukwa chokoma kokha, koma chifukwa imaonetsa kuti mizere ya pa mndandanda adailemba ndi anthu. Miyala ndi zotsalira zilipodi, kutsatana kwake nkoona, koma pamene pathera dzina lina ndi kuyamba lina ndi pamene anthu adapangana.

Mu 1833 Charles Lyell adagawa miyala yatsopano powerenga kuti mwa mitundu ya nkhono zopezeka m'gawo lililonse ndi ingati imene ikali ndi moyo lero. Kumene ili yochepa adati Eocene, kumene yachulukirapo Miocene, kumene ili yambiri Pliocene. Mu 1841 John Phillips, mphwake wa William Smith amene adaleredwa ndi Smith yemweyo, adamanga nyengo zonse m'mitolo itatu: Palaeozoic, moyo wakale, Mesozoic, moyo wapakati, ndi Cenozoic, moyo watsopano. Pofika apa makwerero adali ataima, koma opanda chaka ngakhale chimodzi.

Kufunafuna zaka

Chiwerengero chimene anthu ambiri a ku Ulaya ankachidziwa chidali cha James Ussher, bishopu wamkulu wa ku Armagh m'dziko la Ireland, amene mu 1650 adawerengera mibadwo ndi mbiri zakale napeza kuti dziko lidalengedwa m'chaka cha 4004 Khristu asanabadwe. Akatswiri a miyala adaona kuti nthawi imeneyo njochepa, koma kupeza ina yoikapo kudali kovuta. Charles Darwin mu 1859 adayerekeza kuti kuperesedwa kwa chigawo cha Weald ku England kudatenga zaka pafupifupi 300 miliyoni. Adatsutsidwa kwambiri, ndipo adachotsa chiwerengerocho m'buku lake polisindikizanso. Lord Kelvin, katswiri wamkulu wa za kutentha, adawerengera nthawi imene dziko lotentha ngati chitsulo chosungunuka lingatenge kuti lizizire kufika m'mene lilili. Mu 1862 adati ndi zaka za pakati pa 20 miliyoni ndi 400 miliyoni, ndipo pofika 1897 adatsitsa kufika pakati pa 20 miliyoni ndi 40 miliyoni. John Joly mu 1899 adagawa mchere wonse wa m'nyanja zikuluzikulu ndi mchere umene mitsinje imathiramo pachaka, napeza zaka pafupifupi 90 miliyoni.

Masamu a anthuwa adali olondola. Cholakwika chidali poyambira. Joly adayesa kuti mchere ukalowa m'nyanja suchokamo, pamene umachoka ndithu n'kukwiririka m'miyala. Kelvin adayesa kuti m'kati mwa dziko ndi molimba ndi mosayenda, pamene miyala yotentha ya m'katimo imayenda pang'onopang'ono ndi kunyamula kutentha, ndiponso sadadziwe kuti m'miyala momwemo muli gwero lina la kutentha. Ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 angathe kupeza okha chofooka cha njira ya Joly tikawafunsa kuti: kodi mungadziwe nthawi imene madzi akhala akuthiridwa mumtsuko ngati mtsukowo ukudontha?

Gwero limene Kelvin sadalidziwe lidatulukira mu 1896, pamene Henri Becquerel adapeza kuti yureniyamu imatulutsa mphamvu yosaoneka payokha. Mu 1902 Ernest Rutherford ndi Frederick Soddy adaonetsa kuti maatomu otere amasweka n'kusanduka maatomu a mtundu wina, ndipo amatero pa liwiro losasintha, kutenthe kapena kuzizire. Yureniyamu imathera kukhala mtovu. Pa mtundu wake wofala, theka la maatomu limasanduka pa zaka 4,470 miliyoni, kenaka theka la otsalawo pa zaka zomwezo, ndi kumapitirira motero. Choncho tikayeza yureniyamu yotsala ndi mtovu wobadwa m'kamwala kamene kadalibe mtovu pachiyambi, tipeza zaka zimene zapita chiumire kamwalako. Bertram Boltwood adayesa njirayi mu 1907. Arthur Holmes, ali ndi zaka 21, adapeza mu 1911 kuti mwala wina wa ku Norway wa nyengo ya Devonian uli ndi zaka 370 miliyoni, ndipo mu 1913 adatulutsa mndandanda wokhala ndi zaka pambali pa maina. Moyo wake wonse adakhala akuukonza. Zaka za dziko lenilenilo zidapezeka mu 1956, pamene Clair Patterson adayeza mtovu wa m'miyala yogwa kuchokera mumlengalenga, imene idaumbika nthawi imodzi ndi dziko, napeza zaka 4,550 miliyoni. Chiwerengero cha masiku ano ndi 4,540 miliyoni. Chasuntha pang'ono chabe.

Pali sitepe imodzi imene mabuku ambiri amaidumpha, ndipo ana ochenjera amaifunsa. Wotchi ya maatomuyi imayamba kuyenda pamene mwala wosungunuka wauma. Miyala ya matope ndi mchenga, imene ili ndi zotsalira, ndi zidutswa za miyala ina yakale, choncho kuiyeza kungatipatse zaka za makolo ake. Chimene akatswiri amachita ndi kufuna gawo la phulusa la phiri lophulika pansi pa zotsalirazo ndi lina pamwamba pake, nayeza awiriwo. Zotsalira zili pakati. Kenaka njira ya Smith imanyamula zakazo kupita nazo kulikonse kumene zotsalira zomwezo zipezeka. Tichenjezenso ana za kaboni 14, imene ambiri adaimva: theka lake limatha pa zaka 5,730, ndipo siithandiza kupitirira zaka pafupifupi 50,000. Njoyezera makala ndi mafupa a m'midzi yakale, osati mafupa a dinoso.

Kutha kwa theka tingakuonetse ndi zitsekerero za mabotolo 64. Ana aziponye pansi, achotse zimene zagwa chagada, awerenge zotsala, aponyenso. Kuponya kulikonse kuimira nthawi imodzi ya theka. Zitsekerero sizigwa molingana ndendende ngati ndalama, ndipo gulu lina lidzatsala ndi zambiri, lina zochepa. Tisabise zimenezi, tiphatikize ziwerengero za magulu onse pabolodi kuti ana aone kuti zinthu zikachuluka kusiyanako kumachepa. M'kamwala kochepa ngati njere ya mchenga muli maatomu osawerengeka.

Masiku ano milandu ya malire imaweruzidwa ndi bungwe la maiko onse lotchedwa International Commission on Stratigraphy. Pa malire a nyengo zambiri amasankha khoma limodzi la miyala padziko lonse, nagwirizana gawo lenileni loyambira, monga mafumu amakhomera chikhomo pamalire a minda. Chikhomo choyamba chidavomerezedwa mu 1972 ku Klonk, pafupi ndi Prague, pakati pa Silurian ndi Devonian. Mu 2004 adawonjezera nyengo yatsopano pansi pa Cambrian, yotchedwa Ediacaran potengera mapiri a ku Australia. Mu 2024 akatswiri adakana mwa voti pempho lakuti nthawi yathu ino ilembedwe pa mndandanda ngati nyengo yapadera yotchedwa Anthropocene.

Chingwe cha mamita 46

Chovuta chachikulu m'kalasi ndi kukula kwa ziwerengero. Kwa mwana, miliyoni ndi biliyoni zonse ndi "zambiri". Timuuze kuti munthu wowerenga nambala imodzi pa sekondi, usana ndi usiku, angafike pa miliyoni m'masiku khumi ndi awiri osakwana, koma kuti afike pa 4,540 miliyoni angafune zaka pafupifupi 144. Koposa mawu, titenge chingwe cha mamita 46, cha khonje kapena cha luzi, tichitambasule pabwalo. Mita imodzi iimire zaka 100 miliyoni; sentimita imodzi, miliyoni imodzi. Mbali imodzi ndi kubadwa kwa dziko, inayo ndi lero.

Ana ayende kuchokera pachiyambi. Adzayenda mamita oposa 40 asanafike pa Cambrian, imene idayamba zaka pafupifupi 539 miliyoni zapitazo, ndiye kuti mamita 5.4 kuchokera kumapeto. Maina onse amene Sedgwick, Murchison ndi anzawo adalimbirana ali m'kachigawo kotsirizaka. Ulendo wautali wopanda maina odziwikawo ndiwo mabuku amautcha Precambrian, ndipo miyala yambiri ya m'mapiri ndi m'zitunda za dziko lathu, ija yolimba yamizeremizere, ndi ya nthawi imeneyo. Pamenepa timangirire nsalu zosonyeza zakwathu. Malasha a ku Mchenga, kufupi ndi Livingstonia, ndi a ku Moatize m'dziko la Mozambique ndi a nyengo ya Permian, pakati pa mamita 3 ndi 2.5. Mwala wa phiri la Mulanje udauma pansi pa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo: mita 1.3. Chapafupi pomwepo, kuchiyambi kwa Cretaceous, mpamene pankayenda Malawisaurus, dinoso amene mafupa ake adapezeka m'boma la Karonga. Adalongosoledwa koyamba mu 1928, napatsidwa dzina lakeli mu 1993, ndipo chifaniziro cha chigoba chake chaima m'nyumba yosungiramo zakale ku Karonga. Ma dinoso adatha pa masentimita 66. Chibwano cha munthu wakale chimene chidapezeka ku Uraha, m'boma lomwelo, mu 1991, cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, chili pa masentimita awiri ndi theka osakwana. Anthu a mtundu wathu ali m'mamilimita atatu otsiriza. Ulimi wonse, mafumu onse ndi mbiri yonse yolembedwa zikwana m'kunenepa kwa tsitsi limodzi. Tilole ana ayeze okha ndi rula, pakuti akangouzidwa sakhulupirira.

Pabwalo pomwepo mwana wina adzafunsa za chilengedwe monga adachimvera kunyumba kapena kumalo opembedzera. Funsoli tililandire mwaulemu. Mwana wosekedwa pa chikhulupiriro cha makolo ake amatseka makutu ku phunziro lonse. Ntchito yathu m'kalasi ya Sayansi ndi kuonetsa chimene miyala isonyeza ndi njira imene tadziwira, osati kuweruza za chipembedzo. Tingathe kunena zoona zake za mbiri: chaka cha 4004 chidali kuwerengera kwa Ussher, chimene osindikiza adachiika m'mphepete mwa masamba a Baibulo la Chingerezi pambuyo pake, Steno adadzakhala bishopu, Sedgwick ndi Conybeare adali abusa a mpingo. Kupitirira apo, mwanayo akakambirane ndi makolo ake.

Chotsiriza ndi cha mabuku amene mudzawapeza m'sukulu zimene mukupita. Ambiri ndi akale. Lina lidzati Cambrian idayamba zaka 600 miliyoni zapitazo, lina 570 miliyoni, ndipo lidzakhala ndi dzina la Tertiary pamene mndandanda watsopano uli ndi Paleogene ndi Neogene. Musawataye ndipo musawabise. Perekani buku lakale ku gulu limodzi ndi latsopano ku gulu lina, alembe mindandanda yawo moyandikana pabolodi, ndipo afune okha chimene chasintha ndi chimene sichidasinthe. Adzapeza kuti zaka zasuntha ndi maina ena alowa, koma Devonian ikali pamwamba pa Silurian, ndi Jurassic pansi pa Cretaceous, monga adazisanjira anthu a m'zaka za m'ma 1800. Akatha, afunseni kuti ndi iti mwa njira ziwiri zija, ya kusanja ndi ya kuwerenga zaka, imene yabweretsa kusintha kulikonse kumene apeza.